Mlatho wa Mkamwini Teibor

M'mawa umenewo m'nyumba ya Kong Balari, ndiye kuti Mayi Balari m'chinenero chathu, mudali phokoso loposa la mvula pa malata. Mtsinje wa Umlew udali utakokolanso mlatho wa nsungwi, ndipo kutsidya, m'munda wa banja lawo, kwai, mtedza wa m'migwalangwa umene timatafuna, adali atapsa psuu, akungoyoyokera agologolo. Balari ankayamwitsa khanda uku akulalatira mtsinjewo ngati uli ndi makutu. Mlongo wake wamkulu, Donbok, amene sankajomba kudzamwa tiyi pakhomopo, adakhala pafupi ndi moto akupaka laimu pa tsamba lotafunira kwai. Pakhonde padakhala mwamuna wa Balari, Teibor, akunola chikwanje chimene chidali chitathwa kalekale.

"Alamu, nsungwi zija munamanga bwanji?" adafunsa Donbok, tsaya litatupa ndi kwai. "Kapena kwanu kumtunda kuja mumamangira ulusi wosokera malaya?"

"Anyamula ndi madzi, si ine," adayankha Teibor osatembenuka.

"Eya, madzi. Nanga madzi omwewo mlatho wa Bah Hajar amaulambalala chifukwa chiyani? Agogo athu anawolokapo, ife tikuwolokapo. Koma musadandaule alamu, munthu wobadwira m'mbatatesi ndi m'mapaini sitingamufunse za mitsinje."

Mawuwa adalasa pachilonda penipeni. Teibor adachokera kumtunda, kudzakhala chikamwini kwathu ku Nongriang monga amachitira mwamuna aliyense. Nyumba idali ya Balari, poti ndiye chitsirizira mwa ana aakazi. Munda udali wa mtundu wa Balari. Ngakhale khanda lija, Daphi, lidatenga mfunda wa amake. Mwamuna kuno amafika ndi chikwanje chake n'kudzachoka ndi chikwanje chake, ndipo ambiri sizimawapweteka. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimasunga dzina la mwamuna, ndicho mlatho. Mlatho weniweni ife sitimanga, timadzala. Umadzala mkuyu wa jri m'mbali mwa mtsinje, n'kumawongolera mizu yake yolendewera chaka ndi chaka mpaka igwire tsidya linalo, ilukane, isenze anthu. Ndipo mlathowo umatchedwa dzina la wodzalayo, ngakhale manda ake ataiwalika.

Teibor adabaya chikwanje pa chipika n'kuimirira.

"Ndidzala mlatho pa Umlew."

Donbok adatsamwa ndi kwai chifukwa cha kuseka, mpaka Balari adachita kumumenya kumsana.

"Inuyo? Kodi jri mukumudziwa nkhope yake?"

"Ndimawoloka pa Hajar tsiku lililonse lamsika. Maso ndili nawo."

"Ameneyo ndi wachikulire, ngakhale mbuzi ingamuzindikire. Nkhalango ino ili ndi mikuyu mitundu yosawerengeka, ndipo ikakhala yaing'ono yonse imafanana ngati anapiye. Dikirani mvula ikate, ndidzakuperekezani tikasankhe limodzi."

"Mundiperekeze? Kuti mawa anthu azidzati mlatho wa Donbok? Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu, mwana ndi wanu. Mlathowo ukhala wanga."

Sadadikire kuti mvula ikate. Mawa lake adalowa m'nkhalango yekhayekha, dengu kumsana, misundu ikumukwera mpaka m'mawondo. Adazungulira zigwa, kukwera matanthwe oterera, kusuzumira m'mphanda za mitengo m'mene mbalame zimasiya njere. Tijri ting'onoting'ono adatipeza ndithu, koma tidali tonyozeka, tamasamba awiri atatu, ndipo adatidutsa akutsonya. Iye ankafuna mtengo woti Donbok akauona atseke pakamwa.

Adaupeza pafupi ndi mathithi. Mu mng'alu wa thanthwe mudamera timitengo tiwiri moyandikana, towongoka bwino, masamba ake aakulu ngati mbale, onyezimira ngati wina wawapaka mafuta. Abale inu, kukongola kwake! Teibor adakuwa yekha m'nkhalangomo mpaka anyani adabalalika. Adazula timitengoto mosamala ndi dothi lake lomwe, n'kutsika phiri akuthamanga, akuimba nyimbo za kwawo kumtunda zimene kuno sitizidziwa mutu wake.

Kumudzi sadapite. Adalunjika kumtsinje, n'kudzala kamtengo kamodzi tsidya lino. Kenako adazungulira ulendo wonse wa pa Hajar, mvula ikumukhuthukira, kukadzala kanzake tsidya linalo. Atamaliza adamanga luzi pa tsinde la kalikonse, ndipo apa ndiye padali ukathyali wake. Pa mwambo wathu, mwini akamanga luzi pa mtengo wa mlatho, palibe wina amene angaukhudze ndi mpeni kapena chikhadabo, ndipo wochita zimenezo amalipa nkhumba. Luzi litamangidwa m'pamene adapita kukaitana anthu.

Tidathamangirako ambiri, ena atanyamula makapu a tiyi m'manja. Donbok adafika pomalizira. Adazungulira kamtengoko manja ali kumbuyo, kuopa nkhumba ija, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda tsamba.

"Alamu, nsonga yake bwanji? Jri akamatulutsa tsamba latsopano amalikuta m'kachikwama kofiira, kotalika ngati chala. Aka n'kakafupi, n'kotuwanso."

"Akadali mwana. Adzafiira akakula."

"Tatembenuzani tsambalo. Mitsempha ya jri ndi yopyapyala, yothithikana ngati mano a chipeso. Iyi ndikuiwerenga ndili pano."

"Wanenepa basi. Nthaka yamukonda."

"Chabwino, tisataye malovu. Mwini wake ndinu, kandani khungwa pang'ono, utomoniwo muufikise pa zala. Ukatanuka ngati mpira ndikupepesani pamaso pa anthu onsewa, ndi tambala wa m'khola langa pamwamba."

"Ndivulaze mtengo wanga wakhanda chifukwa cha nsanje yanu? Inu munadzala chiyani chibadwire? Ndevu zokha!"

Anthu adaseka, poti Donbok ndevu zake zidalidi zamanyazi, ndipo nkhani idathera m'phwete. Kunyumba Balari adayesa njira yake. Adamuikira mpunga ndi nsomba youma, n'kudikira kuti adye kaye.

"Bambo a Daphi, kukanda khungwa kokha chavuta n'chiyani? Mukapite nokha, palibe akuoneni."

"Ndikakanda ndiye kuti ndavomera kuti mlongo wanuyo ndi mphunzitsi wanga."

"Pakamwa pake m'ponyansa, ndikudziwa, ndakula naye. Koma mitengo amaidziwa."

"Amayi a Daphi, mundisiye ndidye."

Ndiye mitengo ija kukula kwake! Jri ndi mtengo waliuma, umakula ngati ukuchita kukakamizidwa, ndipo ambiri odzala milatho adapita kumanda asanapondepo. Koma ya Teibor inkachita ngati ikuthamangitsidwa. Mvula zowerengeka zokha, idapitirira migwalangwa ya kwai. Mizu idayamba kutsika m'nthambi, yambirimbiri, yofewa, yosavuta kupinda. Teibor adang'amba matsinde akale a kwai, kuwakumba m'kati, kuwagoneka pa nsungwi modutsa mtsinje, n'kulowetsamo mizuyo pamodzi ndi masamba owola kuti izidya ili paulendo. M'mawa uliwonse, tiyi asanamwe, ankathamangira kumtsinje kukaona pamene muzu wafika, n'kubwerera akufuula ali kutali.

"Amayi a Daphi! Wayendanso! Dzulo unali apa, lero uli apa!"

"Ndamva. Nkhuni zija zayendanso?"

Muzu woyamba udagwira tsidya linalo Daphi atangoyamba kumene sukulu. Tsiku limenelo Teibor adazungulira mudzi wonse akuimba chitini cha palafini, mwana ali paphewa, agalu ali pambuyo. Tidakhamukira ku Umlew, ndipo zidali zoona: muzu udali utatuluka m'tsinde la kwai lija n'kulowa m'dothi la kutsidya, pamene mizu ya mtengo winawo nayo idali pakati pa mtsinje ikubwera kuno. Amayi adalulutira. Nkhalamba zina zidapukusa mitu, zikuti jri wothamanga chonchi sizidamuonepo, koma zidanena chapansipansi, poti chisangalalo chikakula wotsutsa amaoneka mfiti. Kumsika anthu adayamba kuloza Teibor ndi milomo. Mkamwini wa Balari ali ndi dzanja, ankatero. Amene ankamutcha wambatatesi adayamba kumutcha mwaulemu Bah Teibor, ndiye kuti Bambo Teibor, n'kumamupatsa kwai ndi manja awiri.

Chaka china mitengoyo idabereka, ndipo apa mudzi udapenga. Nkhuyu zake zidali zofiira psuu, zazikulu, zodzaza nthambi zonse, mwakuti mtsinje unkaoneka wofiira kuchokera pamwamba pa phiri. Njiwa zobiriwira zidabwera, mbalame za milomo ikuluikulu zidabwera, anyani adasamukira pomwepo. Ana ankathawa kusukulu kukaonerera. Teibor ankayenda ngati mapazi sakugunda pansi.

Donbok adamupeza ali pa nsungwi pakati pa mtsinje, akuluka mizu. Ulendo uno sadabwere ndi nthabwala.

"Alamu, tsikani tikambirane."

"Nenani muli pomwepo, ndikumva."

"Jri savala chonchi. Nkhuyu zake ndi ting'onoting'ono, tachikasu totuwa, tobisala m'khwapa mwa tsamba, mpaka uchite kutifuna. Uwu ndi mkuyu wa mbalame. Ine ndinkakayika, koma lero sindikukayikanso."

"Mbalame zikukondwa, anthu akukondwa. Wosakondwa ndinu nokha."

"Tayang'anani pamene mwagwirapo. Mizu ya jri ikapingasana imamezana, pakapita nyengo sungaone polumikizira. Yanuyi yangogundana ngati anthu osadziwana m'basi. Mukachotsa nsungwi, iliyonse ipita kwawo. Zaka mukadali nazo. Tiyeni tidzale jri pambali pakepa, dzina likhale lanu lomwelo, ine sindidzatsegula pakamwa."

Mawu amenewa adali abwino, ndipo munthu wina akadatsika. Koma Teibor adangomva chimodzi, kuti ayambirenso, anthu amene akumupatsa kwai ndi manja awiri adziwe kuti wambatatesi uja adadzala chakudya cha anyani.

"Munayamba mwati nsonga, kenako mitsempha, lero nkhuyu. Mawa mudzati mthunzi wake ndi wokhota. Pitani mukamwe tiyi kwa mlongo wanu, wawira."

Kuyambira tsikulo, paliponse pamene mizu idapingasana Teibor ankamangapo luzi zolimba, n'kumata ndere pamwamba kuti pasaoneke. Adayala miyala yaphanthiphanthi poponda, kuluka zogwirira mbali zonse ziwiri, ndipo kunena zoona mlathowo udakongola kuposa wa Hajar, umene uli wakuda, wokhotakhota, wamfundomfundo.

Pali chinthu china chimene adadzaulula yekha pambuyo pake, ndipo ine chimandipsetsa mtima mpaka lero. Tsiku lina akusadza, chikwanje chidaterereka n'kutema muzu. Utomoni woyera udatuluka n'kudontha pa chala chake chachikulu. Padalibe munthu, padalibe Donbok, padalibe ngakhale mwana wosodza. Chidatsala n'kungogundanitsa zala ziwiri basi, n'kudziwa. Adauyang'ana utomoniwo nthawi yaitali. Kenako adagwada n'kuviika dzanja lonse m'madzi, n'kulitsuka ndi mchenga.

Nthawi yotsegulira mlatho adaisankha yekha, mvula itatha, madzi ataphwa, Daphi ali kamtsikana kotha kusenza dengu. Kukonzekera kwake kudali kwa ukwati wa mwana wa mfumu. Adagula nkhumba yaikulu yoti amuna anayi ankadzandira nayo. Amayi adasinja chitowe chakuda chophikira nyama, mpunga udaphikidwa m'miphika yobwereka midzi itatu, oimba ng'oma ndi zitoliro adachokera kutsidya kwa phiri. Abale ake a Teibor adatsika kuchokera kumtunda atavala majekete awo okhuthala, thukuta lili kamukamu, kudzaona chimene mwana wawo wachita kuchikamwini. Mbali zonse ziwiri za Umlew kudadzaza anthu, ena atakwera m'mitengo.

Anyamata adamasula nsungwi zochirikiza, imodziimodzi, n'kuziponya pamchenga. Itachoka yomaliza anthu adagwira mpweya. Mlatho udagwedera pang'ono, n'kukhazikika. Udaima wokha! Phokoso limene lidabuka apo, mbalame zonse zidathawa m'nthambi. Amalume ake a Teibor, nkhalamba ya kumtunda, adalira misozi poyera.

Pa mwambo wathu woyamba kuwoloka mlatho watsopano ndi mwana wamkazi wa nyumba ya wodzalayo, atasenza dengu la kwai kukapatsa a kutsidya. Daphi adali atavala nsalu yatsopano ndi mikanda ya agogo ake, akudumphadumpha chifukwa cha chimwemwe, poti mlathowu adakula nawo ngati m'bale wake. Ng'oma zidayamba. Mwana adanyamuka, dengu kumsana. Atafika pakhomo pa mlatho adapeza Donbok ataima pamenepo, miyendo atatangadza.

"Amalume, ndidutse."

"Bwerera kwa amako."

Ng'oma zidazima imodziimodzi. Teibor adabwera akukankha anthu.

"Mwayamba misala? Pa tsiku langa?"

"Mlatho ndi wanu, alamu. Sindinaukhudze ndipo sindiukhudza. Koma mwanayu ndi wa mbumba yanga. Sapondapo."

 Aliyense adadziwa kuti Donbok sadalakwe mwambo, poti pa mwana mawu a malume ndi omaliza, koma kuwanena pamaso pa abale a mwamuna, pa tsiku lotere, kudali kumuvula munthu pamsika. Teibor adatembenukira kwa mkazi wake.

"Amayi a Daphi, mukumva zimene akunena mlongo wanuyu?"

Balari adayang'ana mlatho, adayang'ana mwamuna wake, maso ali ndi misozi. Kenako adatambasula dzanja n'kugwira mkono wa mwana.

"Achimwene anena."

"Ababa, ine ndikufuna kuwoloka!" adalira Daphi. "Munandilonjeza!"

Nkhope ya Teibor idachita mdima. Adapita pamene padali katundu wa phwando, n'kutenga dengu lalikulu kuposa onse. Adaikamo thumba la mpunga, n'kuwonjezapo mwala waphanthiphanthi umene udatsala poyala. Adakoleka lamba pamphumi, kudzuka nalo mitsempha ya m'khosi itatupa, n'kuyang'ana khamu lonse.

"Ukasenza ine ndi katundu uyu, ulephera kamwana? Imbani ng'omazo!"

Ng'oma zidalira. Donbok adapatuka, poti mwini mlatho sungamuletse. Teibor adaponda mwala woyamba. Udalimba. Adaponda wachiwiri, wachitatu, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa chogwirira. Anthu adayamba kuwomba m'manja motsatira mapazi ake. Mlatho unkalira pansipansi koma unkasenza. Atafika pakati penipeni adasiya chogwirira, n'kutembenuka, manja m'mwamba.

Mukadamva chiphokoso chake! Amayi nthungululu, anyamata malikhweru, abale a kumtunda akuponya zipewa m'mwamba. Ena adayamba kale kumukuwiza Donbok. "Tambala uja, Bah Donbok! Tambala!" Ndipo Teibor, katundu ali kumsana, adayamba kuvina. Adaponda kumanja, kuponda kumanzere, kunyamula mwendo monga amavinira kwawo, mlatho ukunjanja pansi pake, iye akuseka mano onse ofiira ali pamtunda.

"Daphi!" adakuwa. "Waona? Bwera mwana wanga! Bwera kwa abambo ako!"

Mwana adapulumuka m'dzanja la amake ngati nsomba. Adathamanga, mikanda ikulira, phazi lake n'kuponda mwala woyamba, lina lili m'malere kupita pa wachiwiri. Donbok adadziponya chafufumimba n'kugwira nsonga ya nsalu yake, onse awiri n'kugwera chagada pamtunda, kwai kumwazika ponseponse.

Nthawi yomweyo luzi loyamba lidaduka, phwa! Lachiwiri, phwa! Kenako onse motsatizana ngati chimanga chokazinga. Mizu ija idayamba kusolokana, uwu kupita uku, uwo kupita uko, ndere ikugwa zigamba. Muzu waukulu umene unkasenza mbali ya kuno udathyoka ndi mkokomo, ndipo miyala yonse yoyala idakhuthukira pansi. Teibor tidangomuona manja akupalasa mphepo, kenako khuvuu! m'dziwe la pakati, mpunga, mwala, dengu ndi iye yemwe.

Mwayi wake udali woti pakati pa Umlew pali dziwe lakuya, ndipo lamba wa dengu adavuka pamphumi. Amuna adalumphiramo n'kumukokera pa thanthwe, akutsokomola madzi, mwendo umodzi utapindikira kumene mwendo supindikira. Donbok ndiye adafika woyamba kumugwira m'khwapa, chigongono chake chikuchucha magazi.

Chidutswa cha muzu waukulu uja chidagwera pa thanthwe lomwelo. Kunja chidali chosalala, chonenepa ngati ntchafu ya munthu. M'kati mudali fumbi lofiirira lokhalokha, lofumbutuka ndi chala, ndipo nyerere zinkatuluka piringupiringu zitanyamula mazira awo. Anthu adazungulira kuyang'ana.

Koma Teibor sankayang'ana muzuwo. Ankayang'ana kumunsi kwa khomo la mlatho, mbali ya kuno. Kumeneko kulibe dziwe. Kuli matanthwe okhaokha, ndipo miyala yoyala ija idali itaswekera pamenepo zidutswazidutswa, pamodzi ndi kadengu ka kwai kataphwanyika. Adakweza maso. Pamwamba pa gombe Balari adali atagwada, atamukumbatira Daphi ngati akufuna kumubwezera m'mimba.

"Alamu," adatero Teibor. "Ndinamuitana ndine."

Tonse tidadikira kuti Donbok anene zake zija, poti mpata woposa uwu sakadaupezanso moyo wake wonse. Sadanene. Adavula nsalu ya paphewa pake n'kumufunditsa mlamu wake, n'kukuwira anyamata kuti abweretse nsungwi ziwiri zonyamulira munthu. Nsungwi zimene adamunyamulira ndi zomwe zija adali atangozimasula kumlatho.

Nkhumba tidadya ndithu, poti yophedwa siibwerera m'khola, koma idadyedwa mwakachetechete ngati pamaliro. Abale a kumtunda adanyamuka dzuwa lisanapendeke, osatsanzika bwino. Mwendo wa Teibor udapola mokhota, ndipo m'nkhalango momwe muli jri sangakweremonso. Ngakhale wina atamubweretsera mbande lero, imvi zimene zili m'mutu mwake sizingadikire jri.

Dzina lokha adalipeza. Ankafuna kuti Nongriang asadzamuiwale, ndipo sadzamuiwala. Dooko limenelo, limene kale linkangotchedwa pa Umlew, lero mwana aliyense amalitcha Pogwera Teibor, ndipo ngakhale a midzi ina amene nkhope yake sakuidziwa amatero polongosola njira. Chaka chilichonse mvula ikakokolola nsungwi, mumuona akutsimphina kupita kumeneko ndi chikwanje chake kukamanga zina, pansi pa mthunzi wa mitengo yake iwiri.

Mitengoyo ilipo, ndipo yakula kuposa mtengo wina uliwonse m'chigwa chino. Ikabereka, alendo ochokera m'tauni amaima pamenepo pakamwa yasa, akujambula zithunzi, akuti sadaonepo mkuyu wokongola chotere, n'kumafunsa kuti bwanji eni mudzi sadaupangire mlatho. Ife timangotafuna kwai wathu n'kuwalozera nsungwi kuti awolokere. Akuluakulu adanena kale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.